Dokotala wa Ziweto Amene Anayeza Magazi a Ana a ku Kabwe

Mwezi wa Ogasiti ukafika, mphepo ya kuno ku Kabwe imanyamula fumbi nkulowa nalo mpaka m'mbale za nsima. Ana amabwera ku maphunziro a katekisimu mapazi ali mbuu. Ife amene tawaphunzitsa zaka zambiri tikudziwa kuti pali ena amene amaiwala msanga, amatopa popanda ntchito, ndipo amadandaula za m'mimba kawirikawiri. Kale tinkati ndi ulesi. Makolo ena ankaloza chala agogo kapena anansi, nati mwana walodzedwa. Lero tikudziwa kuti kwa ana ambiri a m'tauni muno mlandu uli m'fumbi lomwelo.

Tauni yathu inamera pa mgodi wa Broken Hill, kumene anthu anakumba mtovu ndi zinki kwa zaka pafupifupi 90. Mgodiwo unatsekedwa mu 1994, koma phiri la zotsalira zake linakhala pomwepo, ndipo mtovu suola m'nthaka. Mwana akamakwawa pabwalo naika zala m'kamwa, mtovu umalowa m'magazi, pambuyo pake nukhazikika m'mafupa. Umachepetsa magazi, umaononga bongo umene ukukula, ndipo ukachuluka kwambiri mwana amakomoka, mwinanso kufa. Mayi woyembekezera amatha kuupatsira mwana ali m'mimba.

Mmodzi mwa anthu amene anaonetsa poyera kukula kwa vutoli ndi Dr John Yabe, amene panthawiyo anali pa sukulu ya madokotala a ziweto ku University of Zambia. Pogwirizana ndi akatswiri a ku Hokkaido University ku Japan, iye anayamba ndi ziweto. Anayeza chiwindi ndi impso za ng'ombe zodya msipu pafupi ndi mgodi, kenaka nkhuku zoyenda zokha m'makomboni, napeza mtovu. Funso linatsala lodziwikiratu: ngati nkhuku yotola chakudya pabwalo ili chotere, nanga mwana wosewera pabwalo lomwelo?

Yankho linasindikizidwa mu 2015. Anayeza magazi a ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Madokotala amawerenga mtovu mu ma microgram pa desilita imodzi ya magazi, ndipo mlingo ukapyola 5 amati pakufunika kuchitapo kanthu. Ana onse 246 anapyola mlingo umenewu. Ku Kasanda, ana 57 pa 100 alionse amene anayezedwa anapyola 65. Mwana wina anafika pa 427.8. Izi si ziwerengero za kudziko lakutali ayi. Ndi ana amene amayi ao timakhala nao pa mapemphero a mphakati.

Zoti ku Kabwe kuli mtovu zinkadziwika kale. Chimene kafukufukuyu anawonjezera ndi umboni wolembedwa, komboni ndi komboni, umene munthu sangaukane ndi pakamwa chabe. Mu 2016 masukulu awiri aja anayamba ntchito yaikulu yotchedwa KAMPAI, yoyeza nthaka, zomera ndi mabanja athunthu. Chaka chomwecho World Bank inavomereza ngongole yothandiza boma kukonza malo oonongeka ndi migodi, ndipo mbali ina ya ndalamazo inali yoyezera ndi kuchizira ana a kuno. Mu 2019 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti la ana a ku Kabwe. Mu 2020 maloya anakasuma ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi a kuno, posumira kampani ya Anglo American South Africa, imene inakana kuti ili ndi mlandu.

Ena amafunsa kuti, "Zaka zapita, fumbi likadalipo, kafukufuku watipindulira chiyani?" Funsoli ndi loyenera, ndipo sitingalipeputse pamaso pa mayi amene mwana wake wabwereza kalasi kawiri. Koma ntchito ya akatswiri imachedwa kubala. Pali matenda ena obadwa nao amene nawonso amadza chifukwa cha zinthu zounjikana m'thupi: tizigawo ta m'maselo totchedwa lysosome, timene timagaya zinyalala za thupi, timalephera ntchito yake. Amodzi mwa matenda amenewa ndi a Gaucher, amene amatupitsa kapamba ndi chiwindi. Dr Roscoe Brady wa ku America anapeza gwero lake mu 1965, koma mankhwala ake anavomerezedwa mu 1991, patapita zaka 26. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Kusiyana kwake ndi kwakuti matenda a Gaucher mwana amabadwa nao, pamene mtovu wa kuno tingathe kuuchepetsa njira zake zolowera m'thupi. Tisambitse ana m'manja asanadye. Tiwaze madzi tisanasese, ndipo m'nyumba tikolope ndi nsalu yonyowa. Tibzale kapinga pamene ana amasewera. Amayi oyembekezera asiye kudya dothi. Kapenta, nyemba, mazira ndi mkaka zimathandiza, pakuti thupi losowa ayironi ndi kashiamu limayamwa mtovu wochuluka. Koposa zonse, tipite ndi ana ku kiliniki kukafunsa za kuyezetsa magazi, chifukwa mtovu suoneka ndi maso, ndipo amene mlingo wao wakwera kwambiri ali ndi mankhwala otulutsa mtovu m'thupi.

Pali ntchito inanso imene ili ya ife aphunzitsi ndi makolo. Mwana wochedwa kumva tisamtche chitsiru, tisamkwapule, ndipo tisathamangire kwa woombeza kukafuna amene wamlodza. Mabanja ambiri apasuka ndi milandu ya ufiti pamene wopalamula anali fumbi la pakhomo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa msonkhano wa mphakati wa mwezi uno, tiyeni tifunsane banja ndi banja kuti ndi ana angati amene anayezedwa, ndipo amene sanayezedwe tiwaperekeze.