Dotolo wa Nchito Ziwiri: ku Cipatala ndi ku Usilikari

Munthu akadwala kwambiri ku Bwanje amamtumiza ku cipatala cacikuru ca pa Boma la Ncheu kuti akaonane ndi dotolo. Ambiri amayesa kuti dotolo wa cipatala ndi dotolo wa asilikari ndi anthu awiri osiyana. Si nthawi zonse ai. M'maiko ambiri alipo madotolo ogwira nchito zonse ziwiri.

Cifukwa cace ndi ici. Boma silingathe kusunga asilikari ambirimbiri pa nthawi ya mtendere, pakuti ndalama zace zicuruka. Cotero limalemba anthu ena amene amakhala kwao nagwira nchito zao, koma amaphunzira usilikari masiku owerengeka pa caka ndi kuyembekeza kuitanidwa. Gulu lotere pa Cingerezi amalicha Reserve, ndipo lamulo la asilikari a Malawi nalonso limachula gulu lotere. Ku Mangalande munthu wa gululi amapereka masiku osacepera 19 kapena 27 pa caka, malinga ndi cigawo cimene alimo. Dotolo akalowamo amapatsidwa udindo wa ofesala, naphunzira perete, kumanga cipatala ca tenti, ndi kusamala mabala a zipolopolo pamene palibe magetsi kapena madzi abwino. Akatha amavula yunifomu nabwerera kwa odwala ace.

Zotere zinacitikanso m'dziko muno. Kale kunali gulu la Nyasaland Volunteer Reserve, la Azungu a m'minda, m'masitolo ndi m'maofesi, ndipo ena a iwo anamenya nao nkhondo ya ku Karonga pa 9 September 1914. Pamene nkhondoyo inayamba asilikari analibe madotolo okwanira, tsono anatenga a Boma ndi a mishoni. Mmodzi wa iwo anali Dotolo G. M. Sanderson, amene anali m'sitima ya Guendolen mu August 1914, pamene inakaononga sitima ya Ajeremani yochedwa Hermann von Wissmann pa doko la Liuli. Ndi yemweyo amene pambuyo pace analemba mabuku a cinenero ca Ciyao.

Koma nchito yaikuru ya madotolowo sinali mabala. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa kukasenza katundu wa nkhondo, aja a tengatenga, ndipo m'midzi ya Angoni a ku Ncheu anacokamonso ambiri. Ankayenda maulendo atali m'mvula, cakudya cocepa, madzi oipa. Amene anafa ndi kamwazi, malungo ndi cibayo anaposa kutali amene anafa ndi mfuti. Dotolo wa asilikari amayamba wayang'ana zimbudzi, madzi akumwa ndi phoso, zinthu zomwezo zimene alangizi a zaumoyo amanena m'midzi.

Kodi dotolo wotere amamenya nkhondo? Iai. Mapangano a ku Geneva a 1949, amene Malawi anawalandira mu 1968, amati dotolo wobvala cizindikiro ca Mtanda Wofiira asaomberedwe. Aloledwa kukhala ndi mfuti yaing'ono yodzichinjiriza nayo iye ndi odwala ace basi. Ayenera kuyamba ndi wopweteka kwambiri, ngakhale akhale mdani. Apa ndi pobvuta, pakuti mnzace wa m'gulu lomwelo angakhale ali gone pambali kudikira.

Bvuto lina ligwera anthu a kumudzi. Dotolo ndi mmodzi, thupi lace ndi limodzi. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 zipatala zina za mishoni zinakhala zopanda dotolo nthawi yaitali cifukwa eni ace anali ku nkhondo, ndipo cimfine cacikuru ca 1918 cinapeza dziko liri losowa osamala odwala. Ndico cifukwa cace maiko okhala ndi magulu otere amakonda kudziwitsiratu cipatala asanaitane dotolo, kuti cipeze wina womlowa m'malo. Kumene madotolo ali ambiri nkosabvuta. Pa Boma pamene pali madotolo awiri kapena atatu okha, mmodzi akacoka, mai wolephera kubereka wocokera ku Bwanje ndiye amene amadikira pa khonde.