MAKINA A PA KAUNTALA NDI UKHONDO WA CHAKUDYA

Munthu akalowa m'nyumba yodyeramo, maso ake amathamangira ku mbale, ku matebulo ndi ku zovala za operekera chakudya. Kawirikawiri sasamala za pa kauntala pamene amalipirapo. Komatu malo amenewa ali ndi gawo lalikulu pa umoyo wa anthu odya, pakuti pamenepo ndi pomwe pamadutsa manja a aliyense, ndiponso pomwe pamasungidwa mbiri ya chakudya chonse chimene chagulitsidwa tsiku limenelo.

Chiyambi cha makinawa

Makina oyamba olembera ndalama za malonda anapangidwa m'chaka cha 1879 ndi James Ritty, mwini malo omwerapo mowa mumzinda wa Dayton ku America. Iye ankafuna kuletsa antchito ake kuponya ndalama m'thumba. Makina a masiku ano ali ndi kompyuta mkati: amalemba chimene wogula waitanitsa, amatumiza uthenga kukhitchini, amatulutsa lisiti lokhala ndi tsiku ndi nthawi, ndiponso amachotsera m'kaundula katundu amene watuluka. M'Malawi muno anayamba kufala m'chaka cha 2014, pamene bungwe lotolera misonkho la MRA linalamula amalonda odula msonkho wa VAT kuti azipereka malisiti a pa makina. Eni malonda ambiri amaona makinawa ngati a ndalama ndi msonkho basi. Amaiwala kuti angathenso kuwathandiza kupewa matenda.

Kuphika molinga ndi ogula

Chakudya chambiri chimene chimadwalitsa anthu ndi chophikidwa kale chimene chakhalitsa. Tizirombo ta m'chakudya timaswana msanga pa kutentha kwa pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo tina timawirikiza pa mphindi 20 zilizonse. Chotero kachirombo kamodzi kangathe kufika 2 miliyoni m'maola 7 okha. Nchifukwa chake bungwe la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda koposa maola 2. Chiyenera kukhala pamoto kapena kulowa m'filiji. Mpunga nawonso ndi woopsa, pakuti tizirombo tina ta mu mpunga sitifa pophika, ndipo ululu umene timatulutsa mpungawo ukamazizira pang'onopang'ono sutha ngakhale autenthetsenso. Akuluakulu anati tsoka silinunkha: chakudya chotere chimaoneka bwino ndipo fungo lake silisintha.

Apa ndipo kaundula wa pa makina amagwira ntchito. Tiyerekeze kuti akusonyeza kuti Lolemba pamatuluka mbale 40 za mpunga wa nkhuku, koma tsiku lamsika 90. Wophika wodziwa zimenezi sangateleke mphika wa anthu 90 Lolemba, nkumadzavutika ndi zotsala. Makinawa amasonyezanso maola amene ogula amachuluka, kotero kuti ndiwo zingaphikidwe kawiri kapena katatu pa tsiku m'malo mophika zonse mbandakucha.

Katundu wa mosungira

Lamulo la mosungira chakudya ndi lakuti chimene chinayamba kulowa ndicho chiyambe kutuluka. Nyama, nsomba, mkaka ndi mazira zikafika, tsiku lake lilembedwe pa makina ndi pa chotengera chomwe. M'mawa uliwonse woyang'anira afananitse za m'kaundula ndi zimene zili m'filiji. Ngati kaundula akusonyeza kuti nkhuku za Lachiwiri zinatha koma m'filiji zikadalimo, ndiye kuti pali cholakwa chofunika kuchifufuza nkhukuzo zisanafike m'mbale ya munthu. Magetsi akazima, nthawi yake ilembedwenso, chifukwa filiji yosatsekulidwa imasunga kuzizira kwa maola 4 okha.

Matenda akabuka

Anthu angapo akafika kuchipatala akutsekula m'mimba ndi kusanza atadya pa malo amodzi, a zaumoyo amafuna kudziwa chimene anadya, nthawi yake, amene anaphika ndi kumene chakudyacho chinagulidwa. Nthawi ndi yofunika kwambiri. Ululu wa tizirombo ta Staphylococcus, timene timachokera pa zironda ndi m'mphuno mwa ogwira chakudya, umayamba kuvuta pakati pa mphindi 30 ndi maola 8. Tizirombo ta Salmonella timatenga maola 6 kufikira masiku 6. Malisiti osungidwa bwino amathandiza kuloza mphika weniweni umene unalakwika ndi kudziwa chiwerengero cha anthu amene anadya za mu mphikawo. Mwini malo amene alibe kaundula amaika malonda ake onse pa chikayikiro.

Dzanja logwira ndalama

Ndalama zimayenda m'manja mwa anthu ambiri, odwala ndi abwino omwe. Mabatani ndi galasi la makina zimagwidwa tsiku lonse, chimodzimodzinso lamya yolandirira ndalama za Airtel Money kapena Mpamba. Tsono wolandira ndalama asagwire chakudya, ndipo wogawa chakudya asagwire ndalama. Pamene wantchito ali mmodzi yekha, monga pa chiwaya kapena mogulitsira tiyi, agawe chakudya ndi chipande kapena foloko, ndi kusamba m'manja ndi sopo kwa masekondi 20 asanabwerere ku mphika. Makina apukutidwe m'mawa, masana ndi madzulo ndi kansalu kakekake konyowa pang'ono ndi mankhwala ophera tizirombo, osati kansalu kopukutira mbale. Mliri wa kolera umene unayamba m'chaka cha 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo nthendayi imafala kudzera m'madzi, m'chakudya ndi m'manja mosasamba.

Potseka madzulo

Wamalonda aliyense amawerenga ndalama asanakhome chitseko. Pa nthawi yomweyo awerengenso chakudya chotsala, alembe chimene chalowa m'filiji ndi chimene chatayidwa, ndiponso dzina la wantchito aliyense amene wadandaula za m'mimba. Wotereyu asagwire chakudya mpaka patapita maola 48 chilekere kutsekula kapena kusanza. Amene sangakwanitse kugula makina asadandaule, pakuti kope ndi cholembera zingagwire ntchito yomweyi, malinga azilembamo tsiku ndi tsiku mosadumphitsa. Woyendera za ukhondo akafika, kaundula ameneyu ndiye mboni ya mwini malo.