MASIKU ATATU PA FEIRA, POKUMANA MITSINJE IWIRI

Akuluakulu anati mwana wosayenda amayesa kuti amake okha ndiwo adziwa kuphika. Mau amenewa anatibwerera usiku wina pamene tinafunsa mwana wathu wotsiriza, mnyamata wa zaka 17, ngati adziwa kumene mtsinje wa Luangwa uthera. Iye anadzutsa mutu pa foni yake, naseka, nati kapena uthera m'nyanja. Mizinda ya ku Ulaya aichula mosadodoma cifukwa ca mpira, koma za kwao sazidziwa. Tinaona kuti mlandu suli wake yekha. Caka camawa acoka pakhomo kupita ku maphunziro apamwamba, ndipo pa zaka zonsezi sitinayendepo naye ulendo wina kupatula wa kumaliro.

Conco tinapangana ndi amai a kunyumba kusunga kangacepe mwezi ndi mwezi. Tsiku Lacisanu lina, m'mwezi wa Julaye, tinanyamuka atatu kupita ku boma la Luangwa, limene akale alidziwa ndi dzina lakuti Feira.

Njira yake

Kucokera mu Lusaka munthu atsata mseu wa Great East Road makilomita pafupifupi 230 kufikira pa msika wa pa mlatho wa Luangwa. Ambiri a ife a kum'mawa tapita pamenepa kosawerengeka, tagulapo nsomba zouma, madengu ndi mphasa, koma ndi owerengeka amene anapatukapo ku dzanja lamanja. Mseu wopatukawo utsika cakumwera motsata mtsinje, makilomita pafupifupi 90, kudutsa m'dziko la Mfumu Yaikulu Mburuma ya Ansenga ndi la Mfumu Mphuka ya Acikunda. M'mbali mwake muli milambe yonenepa ndi mitengo ya masau, ndipo nyengo imeneyo ana anali kugulitsa masau m'timbale. Woyendetsa basi anatiuza kuti sakonda kucedwa pa mseuwu, pakuti dzuwa likapendeka njovu zimayamba kuwoloka kunka kumadzi.

Tinafika madzulo, ndipo tinapeza malo ogona m'kanyumba ka alendo kosadula. Kabomako nkakang'ono, munthu akhoza kukazungulira wapansi nsima isanapse. Koma pamene tinaima pagombe, tonse tinasowa conena. Kumanzere Luangwa, amene anabadwira ku mapiri a Mafinga, anali kuthira madzi ake mu Zambezi. Tsidya la Luangwa tinali kuona nyumba za Zumbo, m'dziko la Mozambique. Tsidya la Zambezi kunali dziko la Zimbabwe, dera la Kanyemba. Maiko atatu alinganizana pamenepa ngati mafuwa, ndipo malowa ndiwo otsika koposa m'Zambia monse, mamita 329 okha pamwamba pa nyanja yamcere. N'cifukwa cake mu Okutobala kumatentha koopsa.

Mbiri ya malowo

Loweruka m'mawa tinapita pa cipilala ca cikumbutso cimene ciri pafupi ndi madzi. Dzina lakuti Feira ndi mau a Cipwitikizi, kutanthauza msika. Apwitikizi ndi amalonda a ku Goa anakhazikika pa Zumbo m'zaka za m'ma 1720, ndipo pambuyo pake anamanganso tsidya lino. Motero Feira awerengedwa pakati pa malo oyambirira kumene azungu anakhala m'dziko limene lero tiliti Zambia. Anali kugula golide, minyanga ya njovu ndi mkuwa, nagulitsa nsalu ndi mikanda. Anali kugulanso anthu. Ansembe a cipani ca Dominiko Woyera anali nao pamodzi, ndipo anamanga chalichi.

Nkhondo ndi cilala zinabalalitsa amalondawo. Pamene David Livingstone anafika pano mu Januwale 1856, pa ulendo wake wopita ku Quelimane, anapeza mabwinja okhaokha. Pakati pa miyala ya chalichi cakugwa anaona belu losweka, lolembedwa zilembo za dzina la Yesu ndi mtanda. Usiku umenewo anagona ndi mantha, pakuti anthu a Mburuma anali kumkaikira. Ndipo ndani angawadzudzule? Alendo amene anawadziwa kale anali kubwera ndi unyolo.

Malonda a anthu anabukanso mwamphamvu zaka zotsatira. Amuna a mfuti monga Kanyemba ndi Matakenya, ndi magulu ao a Acikunda, anasautsa midzi ya m'cigwa conseci kufikira cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mu 1887 panakhala mzungu wina, John Harrison Clark, amene anthu anamucha Changa Changa. Pambuyo pake Feira anasanduka boma la atsamunda, ndipo dziko litayamba kudzilamulira dzina linasinthidwa kukhala Luangwa.

Pansi pa mlambe

Kufupi ndi gombe kuli mlambe waukulu. Eni dera amasimba kuti pamenepo ndi pamene akapolo anali kusonkhanitsidwa podikira mabwato owatsitsira kunyanja. Mnyamata wathu, amene m'mawa monse anali kungojambula zithunzi, anaika foni m'thumba. Anagwira khungwa la mtengowo nthawi yaitali, kenaka anatembenuka.

"Atate, kodi aja anali kugula anthu pano, si omwewo anali kumva belu lija ndi kupita ku Misa?"

Tinakhala cete. Pa zaka zambiri za kuphunzitsa katekisimu tayankha mafunso ocuruka, koma ili linatilasa. Kukanakhala kwapafupi kumnamiza kuti ogula anthu anali ena, opemphera anali ena. Tinamuuza zoona: ambiri a iwo anali obatizidwa, ndipo mafumu ena a khungu lathu lomwe anagulitsa anansi ao posinthana ndi nsalu ndi mfuti. Belu limaitana aliyense, koma silisintha mtima wa munthu wosafuna. Amake anawonjeza mwakacetecete kuti ngakhale lero alipo opita ku chalichi amene amana wanchito wao malipiro.

Mnyamatayo sanayankhe. Koma madzulo, tikudya nsima ndi nsomba yaiwisi pakhonde, mvuu zikulira m'madzi, anayamba kufunsa za agogo ake, za mudzi umene tinabadwira, ndi za cimene tinali kuopa tili pa msinkhu wake. Tinaceza mpaka nyenyezi zinadzaza thambo. Sitikumbuka kuti ndi liti tinalankhulana naye cotero.

Tsiku lomwelo tinamvanso za Kavalamanja, mudzi wa kumtunda kwa Zambezi, kumene mu Malichi 1978 asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe. Asilikali athu ndi anthu wamba anafa pa nkhondoyo. Okalamba a m'derali akali kuikumbuka.

Lamulungu ku Katondwe

Pobwerera tinalawira kuti tikapeze Misa ku Mishoni ya Katondwe, imene ili pa njira yopita ku mlatho. Mbiri yake iyambira tsidya la mtsinje. Mu 1910 ufumu unagwa ku Portugal, ndipo boma latsopano linapirikitsa ansembe Aciyezuiti m'maiko ake. A ku Mishoni ya Miruru anawoloka Luangwa nakhala pa Kapoche, kenaka anamanga pa Katondwe. Ambiri mwa amene anagwira nchito kumeneko anali a ku Poland. Lero pa Katondwe pali cipatala coyang'aniridwa ndi asisteri, cimene cithandiza odwala a m'cigwa conse, ngakhale ocokera ku Mozambique. Tinauza mwana wathu kuti aike cipatalaci pambali pa mlambe uja m'maganizo ake, pakuti mbiri ya cigwaci isenza zonse ziwiri.

Kwa ofuna kupitako

Nyengo yabwino ndi ya cisanu, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti. Tengani neti ya udzudzu, cipewa ndi madzi akumwa. Musasambe m'mtsinje kapena kulola ana kusewera m'mphepete mwa madzi, pakuti ng'ona ndi mvuu n'zambiri. Ofuna kuwolokera ku Zumbo atenge mapepala a ulendo ndi kuyamba aonekera kwa a zolowa ndi zotuluka. Kambiranani mtengo ndi mwini bwato musanakwere, ndipo musalole kukwera bwato lodzaza mopitirira. Pemphani cilolezo musanajambule munthu.

Ndalama zimene tinaononga zikanatha kugula malata angapo, ndipo achibale ena sanacedwe kutikumbutsa zimenezo. Malata tidzagula caka camawa. Tili m'basi, mnyamata wathu anatsamira kwa amake, m'manja muli kathumba ka masau, nafunsa ngati tingadzapitenso pamodzi kukaona kumene Luangwa ayambira, iye asanacoke pakhomo. Tayamba kale kusunga.