Mfuti Yoseweretsa Ingakufikitseni Kukhoti

"Adadi, onani iyi. Si mfuti yeniyeni, zipolopolo zake n'zapulasitiki, ndipo kunja akugulitsa motchipa." Ana amene akukulira ku Britain, kuphatikizapo a m'mabanja ochokera ku Malawi ndi ku Zambia, amakopeka msanga ndi masewera a airsoft chifukwa amawaonera pa YouTube ndiponso anzawo akusukulu amawakamba. Kholo limaona ngati ndi choseweretsa wamba, n'kulipira pa intaneti. Koma katundu akamalowa m'dziko, amene waitanitsa ndiye amayankha mlandu, ndipo nthawi zambiri ameneyo ndi bambo kapena mayi amene dzina lake lili paphukusi.

Airsoft ndi masewera amene magulu awiri amawomberana timipira tapulasitiki ta mamilimita 6. Mfuti zake zambiri amazipanga mofanana ndendende ndi mfuti zenizeni monga AK-47 kapena Glock, ndipo vuto lagona pamenepo.

Zimene lamulo limanena

Lamulo la Violent Crime Reduction Act la mu 2006 limaletsa kupanga, kugulitsa kapena kulowetsa ku Britain mfuti yoseweretsa imene munthu wamba sangaisiyanitse ndi yeniyeni. Wolakwira lamuloli akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kuikidwa m'ndende. Yololedwa kwa munthu wamba ndi yoonekera mkati kapena imene mbali yake yaikulu ili ya mtundu wowala monga wofiira, wachikasu, wobiriwira, wabuluu kapena wapinki.

Apa ndi pamene makolo ambiri amapusitsika. Ku America, mfuti zoseweretsa amaziika kachizindikiro ka mtundu wa olenji kukamwa kwake. Sitolo ya kumeneko ingakuuzeni kuti katundu wake ndi wovomerezeka, ndipo sikunama, chifukwa ikunena za malamulo a kwawo. Ku Britain kachizindikiro kameneko pakokha sikokwanira.

Lamulo limapereka mpata kwa anthu amene amaseweradi airsoft pamabwalo okhala ndi inshuwalansi. Ambiri amasonyeza umboni wake polembetsa m'kaundula wa bungwe la ogulitsa la UKARA, ndipo kuti munthu alembedwe amayenera kusewera katatu pabwalo limodzi m'nyengo yosachepera miyezi iwiri. Phukusi likafika popanda umboni wotere, a Border Force ali ndi mphamvu yolilanda, ndipo ndalama zanu zingapite osabwerera. Komanso mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kugula mfuti yoseweretsa yotere, ngakhale ikhale yopaka utoto.

Mphamvu yake nayonso ndi nkhani

Kuyambira mu 2017, lamulo linaika malire a mphamvu. Mfuti ya airsoft yowombera motsatizana isapitirire majoule 1.3, pomwe yowombera kamodzikamodzi isapitirire majoule 2.5. Ikapitirira pamenepo imasiya kuwerengedwa ngati ya masewera ndipo imagwera m'malamulo a mfuti, amene zilango zake n'zowawa kwambiri. Masitolo akunja amagulitsa potsatira malire a kwawo, ndipo wogula sangadziwe mphamvu yeniyeni ya mfutiyo pongoona chithunzi.

Ngozi imakhalapobe ikafika pakhomo

Lamulo la Firearms Act la mu 1968 limaletsa kuyenda ndi mfuti yoseweretsa pamalo a anthu onse popanda chifukwa chomveka. Mnyamata woitenga kupita nayo kupaki kukaonetsa anzake akhoza kugwidwa, ndipo mbiri ya mlandu ingadzamuvutitse pofunafuna ntchito. Banja limene likukhala m'dzikomo pa visa liyenera kusamala koposa.

Wapolisi amene waitanidwa mwadzidzidzi alibe nthawi yoyeza ngati mfutiyo ndi yapulasitiki. Zimene zinachitika ku America n'zomvetsa chisoni. Mu November 2014, mumzinda wa Cleveland, wapolisi anawombera Tamir Rice, mwana wa zaka 12, amene ankasewera papaki ndi mfuti ya airsoft yopanda kachizindikiro ka olenji. Mwanayo anamwalira tsiku lotsatira.

Pa nkhani ya thanzi, chiwalo chimene chili pangozi kwambiri ndi diso. Kampira kameneka ndi kopepuka, koma kangathe kuchititsa magazi kutayikira mkati mwa diso, kuwononga galasi lake ngakhalenso kuchititsa khungu. N'chifukwa chake mabwalo ovomerezeka salola munthu kusewera asanavale zoteteza maso. Kuseri kwa nyumba kulibe woyang'anira zimenezi.

Makolo achite chiyani?

Musalipire musanawerenge malamulo a dziko limene mukukhala. Ngati mukuganiza zotumiza mfuti yotere kumudzi ngati mphatso, yambani mwafunsa apolisi ndi a kasitomu a kumeneko. Onaninso amene akudziwa manambala a khadi lanu la kubanki pakhomopo.

Kenako khalani pansi ndi mwanayo, ndipo musayambe ndi kukalipa. Mufunseni chimene chamukoka. Kawirikawiri n'kufuna anzake, kuthamanga ndi kuyesa kulimba mtima, zimene angazipezenso kumisasa ya Pathfinder, pokwera mapiri kapena pampira. Mufotokozereni za Desmond Doss, msilikali wa Chiadiventi amene anakana kugwira mfuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, koma mu 1945 anapulumutsa anzake ambiri ovulala ku Okinawa mpaka analandira mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali a ku America. Mukatero, mufunse mwanayo maganizo ake, ndipo mumumvetsere mpaka amalize.