Eyakoni ikafa, gasi yekha si mankhwala

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa la ku Chintheche m'boma la Nkhata Bay silikhala lamasewera. Galimoto ikaima masana m'mbali mwa msewu wa M5, m'kati mumasanduka ng'anjo.

Apa m'pamene eni galimoto amakumbukira eyakoni. Ikangoyamba kuuzira mpweya wofunda, ambiri amathamangira kugula kachitini ka gasi kuti athire okha pakhomo, poopa ulendo wa kugalaja ku Mzuzu.

Koma safunsa adadya phula. Gasi wa eyakoni sali ngati petulo amene amatha galimoto ikamayenda. Iye amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa msanga ndiye kuti pena pabooka. Kuthira wina osatseka pobookapo n'kutungira madzi m'dengu.

Nthawi zina vuto silikhala gasi n'komwe. Kutsogolo kwa rediyeta kuli kondensa, imene imatulutsa kutentha. Kunyanja kuno imatsekeka ndi fumbi, mchenga ndi nkhungu, tizilombo touluka tija timatuluka m'nyanja ngati utsi. Kuitsuka mofatsa ndi madzi, injini itazizira, kumatha kubwezeretsa kuzizira popanda kuononga ndi tambala yomwe.

Mwini galimoto angathenso kuona yekha fyuzi, lamba wozunguza kompulesa ndi sefa ya mpweya wolowa m'kati. Pamene paipi yanyowa ndi mafuta, kapena pamene thovu la sopo likufufuma, m'pamene gasi akuthawira.

Ntchito ya pakhomo ithere pomwepo. Paipi ikamasulidwa mumalowa chinyezi, chimene makaniko amachikoka ndi pampu yapadera asadathire gasi. Muyeso wake umalembedwa pakapepala komatidwa kunsi kwa boneti, ndipo m'galimoto zing'onozing'ono umakhala pafupifupi theka la kilogalamu. Kupyola muyeso kumapha kompulesa, chipangizo chodula kuposa zonse pa eyakoni.

Mtundu wa gasi nawo ndi nkhani. Galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan zimagwiritsa ntchito R134a, amene adalowa m'malo mwa R12 m'zaka za m'ma 1990 potsatira pangano la ku Montreal la 1987 loteteza mpweya wa ozoni. Zina zatsopano zimafuna R1234yf, ndipo mitunduyi siisakanizidwa. Gasi wophikira ndiye woopsa zedi: akadontha pafupi ndi injini yotentha, moto subwera mochenjeza.

Ngakhale R134a ngosayenera kungomuphwetsera m'mwamba chifukwa amawonjezera kutentha kwa dziko. N'chifukwa chake mu 2016 maiko adagwirizana ku Kigali, m'dziko la Rwanda, kuti achepetse gasi wa mtunduwu, ndipo Malawi adavomereza panganoli mu 2017.

Chotchipa kuposa zonse n'kupewa. Kuyatsa eyakoni kwa mphindi 10 sabata iliyonse, ngakhale m'chisanu cha mu Juni, kumayendetsa mafuta m'mapaipi kuti timphira tisaume n'kuyamba kudontha. Banja lochita zimenezi limafika mu Okutobala thumba lili chitsekere.