Za Maatomu Ooneka Mwachimbuuzi m'Zithunzi za Mapuloteni

Mphunzitsi aliyense amene anajambulitsapo ana a sukulu adziwa kuti mwana wosakhazikika amatuluka mwachimbuuzi pa chithunzi, pamene anzake odekha aoneka bwino lomwe. Vuto lotereli ligweranso akatswiri ofufuza maumbidwe a mapuloteni.

M'chaka cha 1958 John Kendrew wa ku Cambridge anaonetsa maumbidwe a myoglobin, puloteni yosunga okosijeni m'minofu ya namgumi. Njira yake, imene igwirabe ntchito lero, ndiyo kuundanitsa puloteni kuti ikhale timibulu tonga ta mchere, ndi kuombapo cheza cha X-ray. Pa atomu iliyonse akatswiri amalemba malo ake, ndiponso nambala yotchedwa B, yochokera ku ntchito ya Peter Debye ya 1913 ndi ya Ivar Waller ya 1923. Nambalayi ndiyo muyeso wa chimbuuzi chija. B ikakhala 20, atomu yapatuka pamalo pake monga theka la angstrom. Ikafika 80, angstrom yathunthu. Umenewu si mtunda wochepa ai, pakuti maatomu awiri a kaboni olumikizana atalikirana angstrom imodzi ndi theka basi.

Tsono ambiri amaphonya poyesa kuti B yaikulu itanthauza kugwedezeka kokha. Chithunzicho sichili cha puloteni imodzi, koma cha mamiliyoni osanjikizana m'kambulu kamodzi. Ngati mchira wa puloteni waloza kum'mawa mwa ena, kumadzulo mwa ena, chimbuuzi chidzaoneka ngakhale palibe chimene chasuntha. Kambulu kosaundana bwino kamakweza B ya maatomu onse pamodzi. Choopsa koposa ndi ichi: katswiri akaika atomu pamalo pamene palibe kanthu, kompyuta imakweza B yake kufikira atomuyo itazimirira, ndipo cholakwacho chibisala. Wopanga mankhwala wokhulupirira malo otere amanga pa chinthu chimene kulibe.

Kuzizira kumathandiza kulekanitsa zifukwazi, popeza kugwedezeka kumachepa puloteni ikazizira, koma kusalongosoka kumatsala. M'chaka cha 1979 Hans Frauenfelder, Gregory Petsko ndi Demetrius Tsernoglou anayesa myoglobin motero, pa kutentha kosiyanasiyana. Masiku ano timibulu tambiri timayesedwa titaziziritsidwa kufika madigiri 173 pansi pa ziro, kotero kuti B yopezeka pamenepo inena zochepa za mayendedwe a puloteni m'thupi lofunda la munthu.