Phale la m'phanga ku Chongoni: lisiyeni pomwe mwalipeza

Loweruka lapitali ndinakwera ku Chentcherere, kumpoto kwa tauni yathu ya Dedza, ndi mng'ono wanga yemwe cholinga chake chinali zithunzi za pa Facebook basi. Tikupuma pansi pa thanthwe, iye anatola kaphale ka mbiya n'kufunsa kuti, "Achimwene, ndani ankaphika kuphiri kuno?" Asanamve yankho anali atakaponya kale m'thumba. Ndinamuuza kuti akabwezere pomwepo, ndipo chifukwa chake ndi chomwe ndikufuna ndikufotokozereni inunso.

Chentcherere ndi mbali ya dera la Chongoni, lomwe UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. M'derali muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, monga Namzeze ndi Mphunzi. Zojambula zofiira n'za Akafula, anthu omwe ankadalira kusaka nyama ndi kutola zipatso. Zoyera, zopakidwa ndi chala, n'za alimi, makolo a Achewa.

Koma zojambula si umboni wokhawo. Wina uli pansi, m'dothi lomwe timapondalo. M'phanga, phulusa, mafupa ndi zinyalala zimasanjikizana pang'onopang'ono kwa zaka zambirimbiri: zapansi ndiye zakale, zapamwamba ndiye zatsopano. Akatswiri amafukula mosamala, n'kulemba kuti chinthu chilichonse chinali pati komanso pakuya bwanji. Makala opezeka pambali pake amakawayeza ku labotale kuti adziwe zaka zake.

Mu 1972, J. Desmond Clark anafukula phanga la Mwana wa Chentcherere. Pansi panali zida zing'onozing'ono zamiyala ndi mafupa a nyama zakutchire, ntchito ya alenje. Chakumwamba kunayamba kupezeka mapale a mbiya. Mbiya ndi chizindikiro chachikulu, chifukwa luso loumba ndi losula zitsulo linafika kuno ndi alimi, zaka zoposa 1,500 zapitazo. Mbiya zawo zoyambirira akatswiri amazitchula kuti za Nkope, dzina la malo a ku Mangochi komwe anazifufuza koyamba. Chimanga kunalibe nthawi imeneyo, chinabwera pambuyo pake kuchokera ku America. Mbewu za alimi akale m'chigawo chino zinali mapira ndi mawere.

Chomwe chimandisangalatsa ine n'chakuti mapale atayamba kuoneka, zida zamiyala sizinathe. Zinapitirira limodzi. Ndiye kuti alenje sanazimiririke tsiku limodzi ayi: anakhala moyandikana ndi alimi kwa nthawi yaitali, uyu kuphiri, uyu kudambo, ndipo mbiya zinkafika mpaka kuphanga. Mmalawi mnzathu, Gadi Mgomezulu, analemba za chiyambi cha ulimi ku Linthipe ndi Chongoni mu 1978.

Tisaganize kuti alimiwo ankakhala m'mapanga ngati nyumba. Midzi ndi minda yawo inali kumunsi, kufupi ndi madzi. Kuphanga ankapitako pa zifukwa zapadera: anamkungwi ankalangizirako atsikana pa chinamwali, a Nyau anasiyako zithunzi za zilombo zawo, ndipo m'zaka za m'ma 1800 anthu ankathawirako nkhondo za Angoni.

Tsono mwaona vuto la kutola phale? Phale lili pamalo pake limauza katswiri kuti linali pafupi ndi chiyani, m'phanga liti. Likalowa m'thumba, langosanduka chidutswa cha dothi. Chimodzimodzi kukumba pofuna chuma: mumasakaniza zaka mazanamazana ndi khasu limodzi, ndipo palibe angazisanjenso.

Tsiku lomwelo tinaona maina olembedwa ndi makala pathanthwe, ena pamwamba penipeni pa zojambula. Abale, chibwenzi chanu mukachilembe pa WhatsApp. Kuthira madzi pa zojambula kuti zioneke bwino pa foni nakonso kumaziwononga, ndipo mwaye wa moto wokolezedwa m'phanga umazikwirira.

Pitani mukaone, n'pafupi pompa. Pitani ndi munthu wodziwa malowo, jambulani zithunzi mmene mungathere, koma osakhudza, osakumba, osatenga. Mukapeza mapale ambiri kapena mafupa poyera, dziwitsani amfumu a deralo kapena ogwira ntchito yosamala za makedzana.

Mng'ono wanga anabwezera kaphale kaja, monyinyirika ndithu. Chithunzi chake ndiye anakachiika pa Facebook.